Bambo Akatupa Mabere: Jakisoni wa Testosterone ndi Zotsatira Zake

Pa zinthu zonse zimene zingachitike pathupi la mwamuna, n'zochepa zimene amazibisa ngati kutupa kwa mabere. Ku Kuwadzana, dera lodzaza anthu limene linayamba kumangidwa m'zaka za m'ma 1980 kumadzulo kwa Harare, m'mphepete mwa msewu wopita ku Bulawayo, bambo amene vutoli lamufikira amaleka kuvula malaya ngakhale akuumba njerwa dzuwa lili paliwombo. Amavala jekete m'mwezi wa Okutobala, pamene ena onse akufunafuna mthunzi. Akafunsidwa kunyumba amangoti wanenepa. Mwa abambo otere muli ana ndi zidzukulu za Amalawi amene anapita kukagwira ntchito m'mafamu ndi m'migodi nthawi ya Mthandizi. Chilankhulo chawo chinalembedwa m'malamulo aakulu a dziko la Zimbabwe a 2013 monga chimodzi mwa zilankhulo 16 zovomerezeka, komabe nkhani za umoyo wa abambo siziwafika kawirikawiri m'Chichewa.

Zifukwa zotupitsa mabere a mwamuna zilipo zingapo. Chimene chimadabwitsa anthu kwambiri ndi jakisoni wa testosterone, mankhwala omwewo amene munthu amabayitsa pofuna kuwonjezera mphamvu zachimuna. Ena amalandira jakisoniyu kwa dokotala chifukwa cha matenda enieni. Ena amamugula mwamseri kumalo onyamulira zitsulo kapena kwa ogulitsa a pa WhatsApp, poopa kuti anzawo angawanene kuti anagwa mumpapaya. Onsewa, mabere akayamba kuwawa, amamva malangizo amodzimodzi kwa anzawo: akuti m'thupi mwachuluka homoni yachikazi yotchedwa estrogen, ndipo pali piritsi loithetsa. Theka la malangizowa ndi loona. Theka linalo ndi limene limapweteketsa anthu.

Zimene mlimi amadziwa kale

Mlimi sasowa kuuzidwa ntchito ya mavalo. Amadziwa kuti mwana wa ng'ombe akathenedwa amasanduka mfule yofatsa, yonona msanga ndi yolola goli, pamene mnzake wosiyidwa amakula khosi n'kukhala nkhunzi yovuta m'khola. Asayansi nawonso anaphunzira nkhaniyi pa ziweto. Mu 1849, Arnold Berthold wa ku Göttingen, m'dziko la Germany, anathena atambala n'kuona kuti aleka kulira, kumenyana ndi kuthamangitsa nkhuku zazikazi, pamene ena amene anawabwezeretsa mavalo m'mimba anapitiriza makhalidwe onsewo. Zimenezi zinasonyeza kuti mavalo amathira kanthu kena m'magazi. Mu 1935, akatswiri a ku Amsterdam anakapeza kanthuko m'mavalo a nkhunzi, n'kukatcha testosterone.

Testosterone ndiye amakulitsa mawu a mnyamata, kumeretsa ndevu, kulimbitsa minofu, kudzutsa chilakolako ndi kuthandiza kupanga mbewu ya abambo. Alipo amuna amene thupi lawo silimupanga mokwanira: amene mavalo awo anavulala kapena anaonongeka ndi matsagwidi atakula kale, amene analandira chithandizo cha khansa, amene ali ndi chotupa pa kachiwalo ka kunsi kwa ubongo kamene kamalamulira mavalo, ndi ena amene anabadwa choncho. Kwa amuna otere mankhwalawa ndi thandizo lenileni, monga mmene insulin alili kwa wodwala shuga.

Chimene ambiri sadziwa n'chakuti thupi la mwamuna aliyense, ngakhale wathanzi chotani, lili ndi estrogen, ndipo gawo lalikulu la estrogen ameneyu limachokera ku testosterone yemweyo. M'mafuta a m'thupi, m'chiwindi, m'mafupa ndi mu ubongo muli kanthu kotchedwa aromatase, kamene kamatenga testosterone pang'ono n'kumusandutsa estrogen. Motero testosterone akachuluka m'magazi, estrogen nayenso amakwera. Munthu wa mimba yaikulu ali ndi aromatase wambiri, choncho kwa iye kusandukako kumachitika mopitirira. Akale anati walira mvula walira matope. Wobayitsa testosterone waitananso estrogen, afune asafune.

Majakisoni ambiri, monga Sustanon amene amabayidwa pakatha pafupifupi milungu 3, amakweza testosterone kwambiri m'masiku oyambirira, kenako amatsika pang'onopang'ono. Pamasiku okwera aja m'pamene nsonga za mabere zimayabwa kapena kuwawa zikakhudzana ndi malaya, mapazi amatupa pang'ono chifukwa thupi likusunga madzi, ziphuphu zimabuka kumsana, ndipo munthu sachedwa kupsa mtima. Jakisoni wotsatira akamayandikira, kufooka kumabwerera. Wodzibaya yekha akaona kufookako amaganiza kuti mlingo wachepa, amawonjezera, ndipo mabere amapitiriza kukula.

Estrogen si mdani wa mwamuna

Piritsi limene anzake amamulozera nthawi zambiri ndi anastrozole. Awa ndi mankhwala a khansa ya m'mawere ya amayi amene anasiya kusamba, ndipo ntchito yake ndi kutseka aromatase kuti estrogen asapangidwe. Poyamba zimamveka zanzeru. Koma kafukufuku wasonyeza kuti mwamuna wopanda estrogen ndi munthu wodwala.

Mu 1994, madokotala a ku Cincinnati, m'dziko la America, analemba za mwamuna wina wa zaka 28 amene thupi lake silinkamva estrogen chibadwire. Testosterone anali naye wokwanira, ndevu zinalipo, koma anali wamtali masentimita 204 ndipo ankakulabe chifukwa nsonga za mafupa ake sizinatsekeke. Mafupawo anali ofooka ngati a munthu wokalamba. Nkhani ya munthu mmodziyu inasintha maganizo a akatswiri, popeza inaonetsa kuti cholimbitsa mafupa a mwamuna kwenikweni ndi estrogen.

Umboni wina unatuluka mu 2013 ku Boston, kumene gulu lotsogozedwa ndi Dr. Joel Finkelstein linayesa amuna athanzi 400 a zaka zapakati pa 20 ndi 50. Onse anapatsidwa mankhwala oimitsa mahomoni awo kwa milungu 16, pa nthawi yomweyo n'kupatsidwa testosterone wa milingo yosiyanasiyana. Theka la iwo linapatsidwanso anastrozole. Zotsatira zake zinali zakuti kukula kwa minofu ndi nyonga zimadalira testosterone, koma kuchuluka kwa mafuta m'thupi kunabwera makamaka chifukwa cha kusowa kwa estrogen. Chodabwitsa koposa chinali chakuti amene estrogen wawo anatsekedwa anachepa chilakolako ndi mphamvu za kuchipinda kuyerekeza ndi anzawo. Kunena mwachidule, bambo amene akumwa piritsi lija mwachisawawa akuononga chinthu chomwecho chimene anayambira jakisoni. Pamwamba pa izo amayamba kumva kuphwanya m'mfundo, ndipo mafupa ake amanka nafooka mwakachetechete. Kwa munthu amene chakudya chake chimachokera pa khasu, pa wilibala kapena pa kusenza matumba ku Mbare Musika, fupa la m'chiuno likathyoka ndiye kuti banja lonse lagona ndi njala.

N'chifukwa chake madokotala odziwa za mahomoni sathamangira kuyeza estrogen kwa mwamuna aliyense amene ali pa testosterone, ndipo sapereka mankhwala pongoona nambala papepala. Amayeza pamene pali zizindikiro za m'mabere. Akapeza kuti wakweradi, choyamba chimene amaganizira ndi mlingo wa testosterone: kuuchepetsa, kuugawa kuti munthu azilandira pang'onopang'ono, kapena kusintha mtundu. Ulipo jakisoni wokhalitsa, wodziwika ndi dzina lakuti Nebido, amene amabayidwa pakatha milungu 10 mpaka 14 ndipo sakwera ndi kutsika mwadzidzidzi. Alipo mafuta odzola pakhungu tsiku ndi tsiku. Kuchepetsa mimba ndi kuchepetsa mowa kumathandiza kuposa mmene anthu amaganizira, chifukwa kumachepetsa aromatase ndi kupepukitsa ntchito ya chiwindi, chimene chimachotsa estrogen wotsala m'magazi. Ngati bere likuwawabe ndipo kutupa n'kwatsopano, dokotala angathe kupereka tamoxifen kwa miyezi yochepa. Mankhwala amenewa amatchinga estrogen pabere osamuthetsa m'thupi lonse. Iwonso ali ndi zovuta zake, makamaka kuundana kwa magazi, ndipo si ogula pamsika.

Apa nthawi ndi yofunika kwambiri, ndipo manyazi ndiwo amaidya. M'miyezi yoyambirira chotupacho chimakhala chofewa ndi chowawa, ndipo chingathe kubwerera. Chikatha pafupifupi chaka chimauma, ululu umatha, ndipo palibe piritsi limene lingachichotse kupatula opaleshoni. Bambo amene wabisala m'jekete kwa zaka ziwiri amafika kuchipatala khomo lapafupi litatsekeka kale.

Si bere lililonse lotupa limene latupa ndi jakisoni

Mlangizi wa zaumoyo ku Kuwadzana adzakumana ndi abambo ambiri otupa mabere amene sanaonepo n'komwe botolo la testosterone. Kwa zaka zambiri mankhwala otalikitsa moyo a anthu amene ali ndi HIV kum'mwera kwa Africa anali ndi efavirenz, amene amadziwika kuti amatupitsa mabere a amuna ena. Mu 2019 bungwe la World Health Organization linalangiza kuti dolutegravir ndiye akhale mankhwala oyambira, ndipo dziko la Zimbabwe, monganso Malawi, linasamutsira anthu ambiri ku mankhwala atsopanowo. Komabe alipo amene anatsala ndi mabere a nthawi ya efavirenz. Munthu wotere asasiye mankhwala ake ngakhale tsiku limodzi. Akauze anamwino a kumene amalandirira mankhwala. Spironolactone, amene amaperekedwa kwa odwala mtima ndi chiwindi, ndi cimetidine wa zilonda za m'mimba, nawonso amachita zomwezo. Chiwindi choonongeka ndi kachasu chimalephera kuchotsa estrogen. Munthu amene anawonda kwambiri ndi TB kapena njala, akayamba kuchira ndi kudya bwino, mabere angathe kutupa kwa kanthawi. Anyamata ambiri otha msinkhu amatupa mabere n'kuphwa okha, ndipo makolo asavutike mtima. Kwa ena ndi mafuta chabe a kunenepa.

Chimodzi chokha sichiyenera kudikira. Chotupa cholimba ngati mwala, cha bere limodzi, chimene chili pambali osati pansi penipeni pa nsonga, kapena nsonga yolowa m'kati, yotuluka magazi, kapena mwanabere m'khwapa, zimafuna dokotala mlungu womwewo. Khansa ya m'mawere imagwiranso amuna, ngakhale kuti mwa odwala 100 alionse mwamuna amakhala mmodzi kapena kucheperapo. Chotupa cha m'mavalo nachonso chingathe kudziwika koyamba ndi kukula kwa mabere, n'chifukwa chake dokotala wabwino amayezanso kumusi, ndipo wodwala asaone ngati akumuchita chipongwe.

Zoopsa zimene sizioneka pagalasi

Mabere ndiwo amachititsa manyazi, koma si iwo amene amapha. Testosterone amauza thupi kupanga maselo ofiira a magazi ambiri, ndipo akachuluka magazi amalemera ngati phala lolimba. Muyezo wake umatchedwa haematocrit, ndipo umapezeka pa kuyeza magazi kwa masiku onse kumene zipatala zambiri zimachita. Malangizo a bungwe la Endocrine Society a 2018 amati uyezedwe munthu asanayambe mankhwala, pakatha miyezi 3 mpaka 6, kenako chaka ndi chaka, ndipo ukapitirira magawo 54 pa 100 mankhwala aimitsidwe. Mzinda wa Harare uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500 kuchokera pamene pali nyanja yamchere, ndipo anthu okhala kumtunda amakhala kale ndi maselo ofiira ochulukirapo. Wosuta fodya ndi woliza mkonono mobanika usiku amawonjezera pamenepo. Mutu wosatha, nkhope yofiira, chizungulire ndi kuthamanga kwa magazi ndi zizindikiro zoti munthu akayezetse msanga.

Kafukufuku wamkulu wotchedwa TRAVERSE, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2023, anatsatira amuna 5,246 a zaka 45 mpaka 80 amene anali ndi testosterone wochepa komanso chiopsezo cha matenda a mtima. Anapeza kuti mankhwalawa sanachulukitse imfa za mtima kapena sitiroko, koma anachulukitsa kugunda kwa mtima kosalongosoka, kuundana kwa magazi m'mapapo ndi kuvulala kwa impso. Ogulitsa amakonda kutchula gawo loyamba lokha. Saonjezera kuti amuna amenewo ankadzola mlingo woyezedwa, akuyang'aniridwa ndi madokotala, zimene n'zosiyana kutalitali ndi mnyamata wodzibaya pantchafu kuseri kwa nyumba.

Nkhani imene imagwetsa mabanja ndi ya kubereka. Ubongo ukaona kuti testosterone wachuluka m'magazi, umaleka kutumiza uthenga ku mavalo. Mavalo amafota ndipo mbewu imachepa kapena kutheratu, ngakhale munthuyo akuoneka wamphamvu ndipo ntchito ya m'nyumba ikuyenda. Zimenezi n'zodziwika kwambiri kotero kuti World Health Organization inayesapo testosterone ngati njira yolera ya abambo. Pa kafukufuku amene anafalitsidwa mu 1990, amuna 271 a m'maiko 7 ankabayidwa mlungu uliwonse, ndipo pafupifupi awiri mwa atatu alionse anatheratu mbewu mkati mwa miyezi 6. Akasiya, ambiri amabwerera mwakale mkati mwa chaka, ena zimawatengera zaka 2, ndipo amene anagwiritsa ntchito milingo yaikulu kwa nthawi yaitali angathe kuvutika koposa pamenepo. Aliyense amadziwa amene amalozedwa chala m'banja mukasowa mwana. Mayi amayendetsedwa kwa asing'anga ndi kwa aneneri, amanyozedwa ndi alamu ake, mwina kubwezedwa kwawo, pamene chifukwa chake chili m'kabotolo kobisidwa m'thumba la jekete la mwamuna wake. Bambo amene akufunabe ana sayenera kulandira testosterone. Ngati mahomoni ake ndi ochepadi, madokotala ali ndi mankhwala ena odzutsa mavalo m'malo mowagoneka.

Za prostate, kachiwalo kamene kali kunsi kwa chikhodzodzo, n'zachidule. Malinga ndi kaundula wa khansa wa dziko la Zimbabwe, khansa ya prostate ndiyo ikutsogola pakati pa amuna. Testosterone sanapezeke kuti amaiyambitsa, koma angathe kukuza imene ilipo kale, choncho bambo wopitirira zaka 40 akambirane ndi dokotala za kuyezetsa magazi a PSA asanayambe. Wogwiritsa ntchito mafuta odzola asambe m'manja ndi kuvala malaya asananyamule mwana. Mu 2009 boma la America linalamula kuti pamabokosi a mafutawa palembedwe chenjezo, ana ena atayamba kusonyeza zizindikiro za kutha msinkhu asanafike nthawi chifukwa chokhudzana ndi khungu la akuluakulu. M'nyumba ya chipinda chimodzi, mmene bambo, mayi ndi khanda amagona pamodzi, chenjezo limeneli si lamasewera.

Funso limene limayenera kukhala loyamba

Asanafunse za estrogen, mlangizi afunse ngati munthuyo ankafunikiradi testosterone. Matendawa sadziwika ndi kutopa kokha. Pamafunika zizindikiro zenizeni, monga kutha kwa chilakolako, pamodzi ndi kuyeza magazi kawiri, masiku osiyana, m'mawa munthu asanadye, chifukwa testosterone amakhala wokwera m'mawa n'kutsika madzulo. Kuyeza munthu ali chigonere ndi matenda ena kumanamiza. Bambo amene amadzuka 4 koloko kukakwera kombi, n'kubwera usiku ali ndi ngongole ya lendi ndi fizi m'mutu, ali ndi zifukwa zokwanira zofookera. Shuga, kuthamanga kwa magazi, kunenepa, kuchepa kwa magazi ndi mowa zimafooketsa mphamvu za kuchipinda, ndipo zina mwa izo zimatsitsa testosterone, amene amakweranso yekha zikathandizidwa. Achinyamata amene amamwa mankhwala a chifuwa okhala ndi codeine, odziwika m'malokeshoni a Harare kuti bronco, adziwe kuti mankhwala a mtundu umenewo akamwedwa nthawi yaitali amagoneka mavalo. Kulinso nthenda imene Ashona amaitcha kufungisisa, kuganiza mopitirira muyeso, imene zizindikiro zake zimafanana kwambiri ndi za kuchepa kwa testosterone. Ntchito ya Friendship Bench, imene Dr. Dixon Chibanda anayambitsa ku Harare mu 2006, inaika agogo ophunzitsidwa pamabenchi a m'makiliniki kuti azimvetsera anthu otere. Abambo ambiri amaganiza kuti benchi limeneli ndi la amayi okha, pamene khomo lake n'lotsegukira aliyense.

Botolo logulidwa mwamseri lili ndi vuto linanso. Testosterone ndi mankhwala ofunika kalata ya dokotala, ndipo bungwe la Medicines Control Authority of Zimbabwe ndilo limavomereza mankhwala ogulitsidwa m'dzikomo. Akatswiri a ku Zurich ataphatikiza mu 2022 zofufuza za m'maiko osiyanasiyana, anapeza kuti pafupifupi chimodzi mwa zitatu za mankhwala okuza minofu ogulitsidwa mwamseri zinali zachinyengo. Wogula sadziwa mlingo umene akudzibaya, ndipo singano yobwerekana imanyamula HIV ndi matenda a chiwindi a hepatitis B.

Abambo sauza mlangizi zinthu zotere pagulu kapena pamaso pa ana. Nkhaniyi imatheka pambali, mwaulemu, makamaka pakati pa amuna okhaokha, ndipo funso lakuti "Bambo, kodi pali jakisoni kapena mapiritsi ena amene mukugwiritsa ntchito kupatula a kuchipatala?" limatsegula pakamwa kuposa kudzudzula. Akavomera, ulendo woyamba ndi wa ku Kuwadzana Polyclinic kapena kiliniki ina ya khonsolo, kumene angayezedwe shuga ndi kuthamanga kwa magazi ndi kulandira kalata yopita ku zipatala zazikulu za Parirenyatwa kapena Sally Mugabe. Atenge mabotolo ndi mapaketi onse, ngakhale opanda kanthu, pamodzi ndi buku lake la kuchipatala, ndipo alembe tsiku limene anabayitsa komaliza, popeza zotsatira za magazi zimawerengedwa molingana ndi tsikulo.

Amene wakhala akudzibaya kwa miyezi yambiri achenjezedwe pasadakhale kuti akasiya adzadutsa m'nyengo yovuta. Mavalo amene anagonekedwa sadzuka tsiku limodzi. Kwa milungu kapena miyezi ingapo adzamva kufooka, kukhumudwa ndi kusowa chilakolako kuposa poyamba, ndipo m'nyengo imeneyi m'pamene ambiri amabwerera kwa wogulitsa uja. Ndi bwino kuti kusiyako kuchitike dokotala akudziwa, tsiku lobwereranso kukayezetsa litalembedwa, ndipo mayi wa kunyumba atauzidwa chimene chikuchitika, kuti asaganize kuti mwamuna wake wapeza wina kunja. Maganizo ofuna kudzipha akabwera m'nyengo imeneyi, munthuyo aperekezedwe kuchipatala tsiku lomwelo.